Khomo Lathu Linasamukira Kuseri

Nkhondo inatha Lachiwiri. Ndikukumbuka bwino chifukwa ndinali pa makina anga osokera, ndikupinda siketi ya mwana wa sukulu, wailesi ili pawindo. Wowerenga nkhani anati akuluakulu a mayiko awiri athuwa, atakhala miyezi isanu ndi iwiri mu hotela ya kudziko lina lakutali, tsopano agwirana chanza. Miyezi isanu ndi iwiri mu hotela, abale inu! Ife kuno tinali titayamba kale kuphikira matabwa a mashelefu. Anawonjezera kuti kuyambira tsikulo anthu amene tinkaphana nawo aja tisamawatchulenso kuti adani, tiziti aneba. Chabwino, aneba. Ndiwatchula choncho mpaka nkhaniyi ithe, koma dziwani kuti ndikutero ndikukukuta mano.

Aneba amenewo anali atanditsekera mwana m'ndende. Ndili naye mmodzi yekhayo. Bambo ake, amene ndi mmisiri wa matabwa ndi njerwa, anamutcha Msomali ali wakhanda chifukwa chowonda, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka kumera ndevu. Anapita ku usilikali ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, chaka chachiwiri cha nkhondo n'kugwidwa. Kuyambira pamenepo ndinkangomumva m'timakalata ta mizere isanu, tobwera titadindidwa, mawu ena atafufutidwa ndi inki yakuda. Zaka zinayi ndikuwerenga timakalata timeneto.

Pangano la ku hotela lija linati akaidi onse a nkhondo abwerera kwawo. Nditamva zimenezo ndinakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kulira ngati mwana. Koma panganolo linali ndi kamchira kake. Msilikali aliyense womasulidwa akadzapezekanso ataponda dothi la aneba, ngakhale ndi chala chimodzi, abwerera m'ndende zaka khumi, popanda kuzenga mlandu. Ine ndinaseka. Ndinati mwana wanga akatengekonso chiyani kwa anthu amenewo, anaiwalako chiyani? Sindinadziwe kuti dothi la anebalo likubwera lokha kudzandipeza pakhomo.

Patatha sabata ziwiri kunafika oyeza malire. Anali atatu: wathu, wa aneba, ndi wachitatu wochokera kutali, wa chipewa choyera, amene ankasunga mapepala kuti awiriwo asalimbirane. Ananyamula chipangizo chawo cha miyendo itatu ndi zitini za penti yoyera. Mzere wawo unayambira ku thanki ya madzi, n'kudula msika pakati, n'kulowa m'chigayo, moti injini inatsala kwathu koma pothirira chimanga panapita kwa aneba. Kenako unakhota n'kulunjika mdadada wathu, nyumba khumi ndi zinayi zogundana makoma, kumaso kwake msewu wa tala, kuseri kwake kanjira ka zinyalala ndi ngalande. Atafika pamenepo oyeza aja anaika mabulashi pansi n'kuyamba kunong'onezana.

Ine sindidikira kuti andiitane. Ndinatuluka tepi ili m'khosi.

"Pepani azibambo, ife tili dziko liti?"

Wa chipewa choyera analankhula nthawi yaitali m'chilankhulo chake, wathu uja n'kumamasulira. Akuti pa mapu amene akuluakulu anasainirana, mzere wa malire anaulemba ndi pensulo yobuntha. Papepala sizinkaoneka vuto, koma ukabwera nawo pansi pano, kunenepa kwa mzerewo kunkakwana mamita khumi ndi awiri. Nyumba zathu zonse zinali zitalowa m'kati mwa mzere.

"Ndiye mukuti ife tikukhala m'kati mwa pensulo?"

"Tingotero, mayi."

"Mu hotela monse muja munalibe munthu wokhala ndi lezala kuti aisongole?"

Wathu uja anaseka. Wa aneba sanaseke, anangondiyang'ana ngati ndamutayira madzi otsukira mbale pa nsapato. Kenako anatiuza zimene anagwirizana: nyumba iliyonse ikhala ya dziko limene khomo lake lapenya. Msewu wa kumaso ndi wa aneba, kanjira ka kuseri n'kathu. Abweranso pakatha masiku khumi kudzalemba m'kaundula, ndipo chimene adzalembe tsikulo sichidzafufutikanso.

Nyumba zonse za mdadada wathu zinali ndi khomo limodzi, lopenya kumsewu. Kuseri kunali kawindo ka khitchini basi. Ndinabwerera m'nyumba ndikuganiza za mwana wanga. Nyumba ikapita kwa aneba, ndiye kuti Msomali sadzagonanso m'chipinda chake, sadzadyanso patebulo langa, adzingondiona chapatali ngati mlendo wodutsa.

Amuna anga anthu amawatcha a Levulo, chifukwa sapachika ngakhale kalendala asanaikepo levulo, kachipangizo ka amisiri koonera ngati chinthu chawongoka. Ndinawapeza akunola tchizulo ngati kunja kulibe nkhani.

"Bambo a Msomali, khomo ili lichoke. Lipite kuseri."

"Mayi, khomo si chithunzi choti n'kungochotsa apa n'kupachika apo. Pamwamba pake pamafunika mtanda wa simenti wonyamula denga. Ndiye simenti imafuna masiku ake kuti igwire."

"Masiku tili nawo khumi."

"Komanso taganizani, alendo azilowera kukhitchini, atalumpha ngalande? Nanga makasitomala anu? Onse amachokera kumsewu."

"Asa! Makasitomala anandiberekera ndani? Ine ndikunena za mwana, inu mukundiuza za ngalande?"

Anapukuta tchizulo pa thalauza. Ndinaona kuti nawonso maso afiira. Anangoti mawa ayamba.

Koma khoma lili ndi makutu, makamaka khoma logawana ndi anzako. Pofika m'mawa mdadada wonse unali pakhomo pathu, poti amisiri ena onse anathawa nthawi ya nkhondo, anatsala a Levulo okha. Aphunzitsi opuma ntchito a nyumba ya kumapeto kwa mdadada ankafuna khomo lakuseri kuti penshoni yawo isathere m'malere. Anamwino nawonso, poti chipatala chinatsala mbali yathu. Wagolosale yekha ndiye ankamwetulira, akuti iye sasuntha kanthu, kwa aneba shuga ndi sopo n'zosasowa. Mayi wina wamasiye anasintha maganizo katatu tsiku limodzi, pomaliza n'kufunsa ngati n'zotheka kuika khomo padenga kuti aone kaye mbali imene zinthu zikhale bwino. Nyumba khumi zinkafuna kutembenuka.

Amuna anga ali ndi matenda amodzi: mawu oti ayi amawakanirira pakhosi. Anayamba ndi aphunzitsi, akuti ndi achikulire. Kenako anamwino, akuti anatithandiza nthawi ija. Ine ndikafunsa, yankho linali limodzi, lakuti yathu ndi yapafupi, sithawa.

Masiku amenewo sindinakhale pansi. Ndikati ndisoke, ndinkalumikiza mkono wa malaya chadodolido, n'kusomola, n'kulumikizanso molakwika. Ndikati ndiphike, ndinkapezeka ndaima kukhitchini ndikuyeza khoma ndi tepi yanga ya nsalu, ngati kuti likusintha msinkhu. Ndinkatuluka, kulowa, kutulukanso, kukasuzumira kumene a Levulo akugwira ntchito, n'kuwapeza atatsinzina diso limodzi, akuyang'ana levulo yawo mosafulumira ngati dziko lonse likuwadikira. Wailesi nayo sinkandithandiza, inkangoimba nyimbo zamtendere ndi kubwereza mawu a akuluakulu aja akuyamikirana.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinatopa nazo. Ndinatenga hamala yaikulu m'bokosi lawo la zipangizo, n'kuimirira kukhitchini, n'kumenya khoma pansi pa kawindo. Koyamba hamala inangodumpha, mapewa n'kuchita dzanzi. Kachiwiri pulasitala inagwa. Pofika kakhumi panali chibowo chokhotakhota ngati pakamwa pa ng'ona, mbale zonse zili mbuu ndi fumbi. A Levulo anamva phokoso ali nyumba yachinayi, anabwera chothamanga, n'kuima kakasi.

"Mayi a Msomali! Mwachita chiyani? Taonani mmene mwapindira!"

"Ndipitiriza. Inu bwererani kwa anzanuwo."

"Bweretsani hamalayo. Bweretsani kuno, musandichititse manyazi."

Zaka makumi atatu za ukwati zinandiphunzitsa kuti bambo amenewa angapirire njala, angapirire mwano, koma bowo lokhota m'nyumba mwawo sangagone nalo. Madzulo a tsiku lotsatira felemu inali itaima kuseri, chitseko chathu chakale chomwe chija chikutseguka bwinobwino moyang'anana ndi ngalande.

Kunatsala kutseka kumaso. Anzathu ambiri anatseka mwachinyengo, njerwa imodzi yomata ndi dothi, poganiza kuti za malirezi n'zakanthawi, mawa kapena mkuja adzagumula. Koma m'mawa wa tsiku lachisanu ndi chitatu woyeza wa aneba uja anadutsa yekha mumsewu, manja ali kumbuyo. Anaima pa nyumba ya mayi wamasiye, amene khomo lake anamutsekera ndi mdzukulu wake, n'kuponda khomalo kamodzi ndi jombo. Njerwa zonse zinangoti wolowolo m'kati. Ananena mokweza kuti aliyense amve, kuti khomo lotseka mwamasewera kwa iye ndi khomo ndithu, ndipo adzalemba choncho. Anawonjezera kuti mawindo openya kumsewu nawonso atsekedwe, safuna maso osuzumira dziko lawo.

Ndinathamangira kwa amuna anga. Mawu amene ndinanenawo ndimawamvabe m'makutu mpaka lero.

"Bambo, mumange khoma loti ngakhale chipolopolo chibwerere. Pasaoneke ngakhale chipsera choti panali khomo."

Iii, nkhope yawo inawala. Kwa nthawi yoyamba chikwatiraneni ndinali nditawapempha kuti agwire ntchito mmene iwo amafunira. Anatulutsa matumba awiri a simenti amene anabisa pansi pa bedi nkhondo isanayambe, okutidwa bwino m'mapulasitiki. Anayala njerwa ziwiriziwiri, zolumana ndi khoma lakale, n'kuika waya pakati pa mizere. Anapaka pulasitala kunja ndi m'kati, n'kusakaniza penti mpaka itafanana ndi yakale yosuluka ija. Windo limene ndinkasokerapo nalonso linapita. Pabalaza panada ngati m'thumba, makina ndinawakokera kukhitchini.

Tsiku lolemba litafika, wa aneba anayenda ndi khoma lathu kuchokera uku mpaka uko, akugogoda ndi kiyi, khutu ali tcheru. Anaponda ndi jombo, n'kutsimphina pang'ono. Anafunsa a Levulo kuti khomo linali pati, iwo n'kuyankha monyadira kuti alipeze yekha. Sanalipeze. Wa chipewa choyera analemba nyumba yathu mbali yathu, n'kudinda. Ine ndinalowa kukhitchini n'kuvina ndekha pakati pa mapoto, ndikuti aneba ndawachenjerera, mwana wanga adzagona kwawo.

Za khomoli sindinamulembere Msomali. Makalata onse ankayamba awerengedwa ndi aneba, ndiye ndinaopa kuti akaona mawu oti tasamutsa khomo anena kuti tinabera, n'kufufuta zimene zalembedwa m'kaundula. A Levulo anati tingolemba kuti akabwera adzadzere kuseri. Ndinakana, ndinati ngakhale zimenezo azikayikira. Komanso panalibe chodetsa nkhawa. Chikalata cha boma chinanena momveka kuti akaidi adzafika Lachisanu masana pa depoti ya mabasi, mbali yathu. Tikamuchingamira komweko, n'kumulondolera tokha kanjira ka kuseri, atagwidwa mkono uku ndi uku.

Mpanda wa waya unali usanaikidwe. Malire anali penti yoyera ija basi, nayonso mvula inali itaikokolola malo ambiri, moti munthu wosadziwa akanaiyesa laimu wotayika. Chimene chinalipo ndi galimoto ya asilikali a aneba, imene inkayenda pang'onopang'ono mumsewu wa kumaso, kupita ku thanki n'kubwerera, tsiku lonse. Tinkaimva kudzera m'khoma ngati kulira kwa m'mimba.

Lachitatu cha m'ma teni koloko ndinali kukhitchini, ndikumalizitsa malaya amene ndinkamusokera. Ndinali nditawasomola kawiri chifukwa sindinkadziwa kuti thupi lake lili bwanji tsopano. A Levulo anali panja pa kanjira, akupala thabwa loti likhale kamlatho pa ngalande. Ndiye ndinamva kugogoda. Du, du, du. Sikunali kuchitseko. Kunkachokera pabalaza, mumdima muja.

Ndinayesa ana osewera. Kunamvekanso, katatu, pamalo penipeni pamene panali khomo. Ndinaimitsa makina, ndinapita chopapasa, n'kugunditsa khutu kukhoma. Mawu ankamveka chapansipansi ngati a munthu amene ali m'chitsime.

"Odi! Odi kuno! Amayi!"

Mayo ine! Anali Msomali. Tinamva pambuyo pake kuti akuluakulu anasintha tsiku, anamasula akaidi Lachitatu osauza munthu, lole n'kuwatsitsa pamphambano. Mwana anangotsata miyendo yake, njira imene anayenda kuyambira ali wa sukulu ya mkaka, n'kudzaima pamene anasiya khomo la kwawo.

"Choka pamenepo!" ndinakuwa, pakamwa nditagunditsa pulasitala. "Zungulira! Pita kuseri! Thawa, mwanangu!"

Njerwa ziwiri, waya ndi simenti. Iye anangomva kuti m'kati muli mawu a mayi ake, koma osamva chimene akunena. Anayamba kugogoda mwamphamvu, ndi zibakera zonse ziwiri.

A Levulo analowa atamva kukuwa kwanga. Sindinafotokoze, ndinangoloza khoma n'kuti, "Msomali." Anatembenuka, anatola hamala yaikulu ija, anandikankhira pambali, n'kuyamba kumenya khoma lawo lomwe. Hamala inkadumpha ngati ikumenya mwala.

Ine ndinatulukira kuseri opanda nsapato. Nyumba zathu n'zogundana, mpata wotulukira kumsewu uli pambuyo pa nyumba ya aphunzitsi, makomo asanu ndi limodzi kuchokera kwathu. Ndinathamanga m'matope a m'ngalande, ndinagwa, ndinadzuka, anamwino akundiitana osawayankha. Ndikuthamanga choncho khutu linali ku galimoto ija. Ndinkaimva ikubwera kuchokera ku thanki, kenako sindinaimvenso, ndipo ndinadziwa kuti yaima.

Ndinalumpha penti yawoyo osaiyang'ana n'komwe. Nditatulukira mumsewu ndinawaona: asilikali atatu, galimoto itatsegula kumbuyo, ndi munthu wowonda atatsamiritsa manja pakhoma la nyumba yanga, miyendo atatangadza, kachikwama kali pansi. Mkulu wa asilikaliwo anali atagwira pepala limene anamumasulira nalo, lokhala ndi chidindo chawo chomwe.

Ndinagwada pa tala. Ine amene sindinagwadirepo munthu wa yunifolomu nkhondo yonse.

"Bwana, ndi kwawo kuno. Anabadwira m'nyumba imeneyi. Sanadziwe, wolakwa ndine, sindinamuuze. Tangomulolani azungulire, ndi apa pomwe, ndimugwira dzanja ndine."

"Nyumbayi si yathu, mayi," anatero mkuluyo, osakweza mawu. "Koma pamene waima mwana wanuyu m'pathu."

"Phazi limodzi lokha, bwana! Inunso muli ndi mayi."

"Panganoli sindinalembe ndine. Ndikamusiya, mawa m'ndendemo mulowa ine."

Nthawi yonseyi khoma linkangoti gu, gu, gu, kuchokera m'kati. Msilikali wina anadzidzimuka n'kulozetsa mfuti kukhomako. Ndinati musaombere, ndi bambo ake, akufuna kumutsegulira. Anayang'ana pulasitala imene inali itangong'aluka pang'ono ngati ulusi, n'kutsitsa mfuti.

Apo m'pamene Msomali anatembenuka. Mwana wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, imvi zili mbuu m'mbali mwa mutu, mano awiri akutsogolo palibe. Malaya amene ndinamusokera akanalowamo anthu awiri. Anandiyang'ana, matope ali thupi lonse, ndipo sanalire, sanakalipe. Anangofunsa ngati mmene ankafunsira ali mwana akasowa nsapato zake.

"Amayi, khomo lili kuti?"

"Tinalipititsa kuseri, mwanangu. Kuti iwe uzitha kulowa."

Anayang'ana khoma lija, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati wamva chinthu chanzeru. Mtima wanga unasweka pamenepo, ndipo sunalumikizikenso.

Asilikali aja anamukweza m'galimoto. Ndinakakamira chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto ndi dzanja limodzi, linalo nditamugwira mwendo, pamwamba pa nsapato, pamene panali fupa lokhalokha. Anandimasula chala chimodzichimodzi, mosandipweteka, ndipo ulemu wawowo unandiwawa kuposa mbama. Galimoto inanyamuka mosafulumira, n'kukhota pa thanki ya madzi.

Itangobisika, njerwa yoyamba inagwera mumsewu. Pakabowopo panatuluka fumbi, kenako ndinaona diso limodzi la amuna anga, nsidze zili mbuu, akupuma ngati munthu wakwera phiri.

"Mayi a Msomali, ndinu? Muuzeni apirire, yatsala pang'ono. Ali kuti? Tamuimikani apa ndimuone."

Ine mwana wanga ndinamuona mphindi zisanu, ndinamugwira ndi mwendo womwe. Bambo ake sanamuone n'komwe, ndipo ankandifunsabe kudzera pakabowo kaja ngati wanenepa kapena wawonda.